Banja likamatha kuno ku Joni: mafunso omwe anthu amandifunsa pa za ndalama, ana, nyumba ya kumudzi ndi khoti

Ndiyambe ndanena kuti ine si loya ayi. Ndine mzimayi wa ku Thyolo, ndakhala kuno ku Joni zaka 14, banja langa linathera konkuno kukhoti, ndipo chichokereni pamenepo ndakhala ndikuperekeza anzathu ambiri, amayi ndi abambo omwe, pena kukawathandiza chizungu pena kungokhala nawo pabenchi paja kuti mtima ukhale m'malo. Mafunso awa ndi omwe amabwerabwera kutchalitchi, ku chipeleganyu, olo mu taxi ya ku Bree munthu akangomva ukuyankhula Chichewa pafoni. Ndawalemba momwe amandifunsira.

Anti, ankhoswe athu anakambirana pafoni ndipo agwirizana kuti banja latha. Basi zatha eti?

Sizinathe achemwali, ngati munasaina. Kaya munasainira ku Home Affairs, kaya kutchalitchi kwa abusa omwe ali ndi chilolezo chomangitsa ukwati, kaya kwa DC kumudzi, ukwati wa pepala umathetsedwa ndi khoti basi. Ankhoswe ndi ofunika, sindikuwanyoza, ndi omwe amadziwa chiyambi cha banja lanu ndipo tsiku lina mudzawafuna ngati mboni, koma mawu awo safufuta dzina lanu mu kompyuta ya boma.

Vuto lake limadzaoneka patapita nthawi. Kuno ku Rosettenville kunali bambo wina anasiyana ndi akazi awo oyamba kalekale, aliyense kupita njira yake, bambo aja nkutenga mayi wina nkubereka naye ana awiri. Atamwalira mwadzidzidzi, kuntchito kwawo ndi kubanki anafunsa setifiketi ya ukwati, ndipo amene anaitulutsa mu chikwama ndi mayi woyamba uja amene sanaponde pakhomopo zaka 6. Mayi wachiwiri amene anawadwazika ndi kuwachapira anayamba kuthamanga ndi mapepala a ana mtembo uli ku mochale. Ndiye mukamati "tinangosiyana bwinobwino" dziwani kuti pamaso pa lamulo ndinu banja mpaka jaji atasaina.

Ukwati wathu tinamangitsa ku Malawi. Ndingathe kusudzula kuno kapena mpaka ndikwere basi pa Park Station?

Mungathe kuno. Divorce Act ya 1979 imati khoti la kuno limamva mlandu ngati m'modzi mwa inu akukhala m'dera la khotilo ndipo wakhala mu South Africa kosachepera chaka chimodzi mlandu usanayambe. Simufunika kupita ku High Court pa Pritchard Street pokhapokha, kuyambira 2010 ma Regional Court nawonso amathetsa maukwati ndipo ndi komwe ambiri a ife timapita poti nkotchipirako.

Koma pali kanthu kena komwe ambiri sakadziwa. Kusudzulira kuno sikutanthauza kuti katundu agawidwa motsata lamulo la kuno. Makhoti a kuno akhala akuyang'ana kuti pa tsiku la ukwati mwamuna kwawo kokhazikika kunali kuti, ndipo ngati kunali ku Malawi ndiye kuti nkhani ya katundu ikhoza kutsata lamulo la ku Malawi, lomwe ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015. Lamulo limenelo silinena kuti theka theka basi, limauza khoti kugawa mwachilungamo poona zomwe aliyense anaikapo, ndipo kuphika, kulera ana ndi kusamala pakhomo nakonso kumawerengedwa. Choncho musamangomvera anzanu a kuno akuti "uzatenga hafu", muuzeni loya tsiku loyamba lomwe kuti tinakwatirana ku Malawi, chaka chakuti, panthawiyo abambowa ankakhala kwakuti.

Nanga zija amati in community of property nde kuti chani kwenikweni?

Nde kuti mphika ndi umodzi. Ukakwatira motsata lamulo la kuno osasainirana antenuptial contract (pangano la za katundu) kwa notary (loya wotsimikizira mapepala) ukwati usanachitike, Matrimonial Property Act ya 1984 imakuikani mu in community of property popanda kukufunsani. Chilichonse chomwe munali nacho musanakwatirane ndi chomwe mwapeza muli limodzi chimakhala cha nonse awiri, galimoto, filiji, ndalama za mu Capitec, olo zili m'dzina la munthu m'modzi. Anthu amasangalala akamva zimenezi mpaka utawauza mbali inayo: ngongole nazonso ndi za nonse. Akaunti ya zovala imene mayi anatsegula mwakabisira, loni imene bambo anatenga kuti agule bakkie ya geni, olo ngongole yomwe anali nayo musanakumane, zonsezo zimalowa mumphika womwewo ndipo oitanitsa ngongole akhoza kugogoda kwa aliyense wa inu.

Amene anasaina antenuptial contract ali out of community, ndipo pamenepa pali mitundu iwiri. Ya accrual imayenda chonchi: poti banja likutha amaona kuti chuma cha aliyense chakula bwanji chilowereni m'banja. Tinene kuti cha bambo chakula ndi R400,000, cha mayi ndi R100,000, kusiyana kwake ndi R300,000, ndiye mayi alandira theka la kusiyanako, R150,000. Inayo ndi yopanda accrual, chako ndi chako changa ndi changa, ndipo kale munthu unkatuluka chimanjamanja olo utagwira ntchito ngati bulu pa bizinesi ya mnzako. Mu October 2023 Constitutional Court inagamula kuti anthu a ukwati woterewu akhoza kupempha khoti kuti liwapatseko gawo ngati anathandizira kukweza chuma cha mnzawoyo. Sikuti zimangobwera zokha, umapempha ndipo umaonetsa umboni.

Achemwali, ine ndinapereka lobola kwa makolo a mkazi wa konkuno koma ku Home Affairs sitinapiteko. Ndikangonyamula chikwama changa pali vuto?

Achimwene khalani pansi kaye. Recognition of Customary Marriages Act ya 1998 imati ngati nonse munali ndi zaka 18 kapena kuposa, munavomera, ndipo mabanja anakambirana ndi kuchita mwambo motsata chikhalidwe cha kwawo kwa mkaziyo, umenewo ukhoza kukhala ukwati weniweni. Kusalembetsa ku Home Affairs sikuupanga kukhala wabodza. Ndipo ngati mkazi ndi m'modzi yekhayo komanso panalibe kontirakiti, nthawi zambiri umawerengedwa in community of property, kuthetsa kwake ndi kukhoti. Kakalata kaja amalume ake analemba pamanja tsiku la lobola, kokhala ndi mayina ndi ng'ombe zingati, ndi kamene kadzatulukire kukhoti.

Ndiye inu amene munasiya mayi kumudzi wa setifiketi ya kutchalitchi nkudzaperekanso lobola kuno, mapanga awiri avumbwitsa, pitani kwa loya nokha nkhani isanakupezeni.

Takhala limodzi zaka 9, tili ndi ana awiri, koma panalibe chinkhoswe, lobola kapena pepala. Ndili ndi gawo pa katundu wake?

Zowawa koma ndinene: kuno kulibe lamulo loti mukakhala limodzi zaka zakuti ndiye kuti mwasanduka banja. Zoti pakatha miyezi 6 kapena zaka 5 mumakhala okwatirana ndi nkhambakamwa za mu saluni. Chomwe munagula ndi ndalama zanu ndipo muli ndi lisiti ndi chanu. Pali njira yokasuma kuti munkachita zinthu ngati ogwirizana pa chuma, amati universal partnership, koma ndi mlandu wovuta ndipo umadya ndalama. Ana okha ndiye nkhani ina, chisamaliro chawo sichiyang'ana kuti makolo anakwatirana kapena ayi.

Ife tinachita nikah (ukwati wa Chisilamu) ku mzikiti ku Mayfair, bambo andipatsa talaq (chisudzulo cha Chisilamu). Khoti lingandimvere?

Eya, pano lingakumvereni. Mu 2022 Constitutional Court inati nkulakwa kusiya maukwati a Chisilamu kunja kwa lamulo, ndipo mu 2024 Divorce Act inasinthidwa kuti amayi ndi ana a m'maukwati amenewa atetezedwe pa za katundu ndi chisamaliro. Sungani setifiketi ya nikah ija, ngati munataya pitani kwa shehe amene anamangitsa akulembereni.

Ndatsimikiza mtima kuti ndikutuluka. Ndiyambire pati ndisanamuuze?

Pamapepala. Osati pa Facebook, osati pa gulu la WhatsApp la akumudzi, pamapepala. Ine tsiku lomwe ndinatuluka ndinanyamula mapoto, zitenje ndi duveti, nkusiya envulopu ya khaki pamwamba pa wadiropu momwe munali setifiketi ya ukwati ndi mapepala a ana, ndipo nditabwerera patapita masiku atatu loko anali atasintha. Zinanditengera miyezi kuti ndipeze zina, mapoto aja sanandithandize kalikonse kukhoti.

Jambulani ndi foni chilichonse, tsamba ndi tsamba: setifiketi ya ukwati, kontirakiti ngati ilipo, mapasipoti ndi mapemiti, mapepala obadwira ana ndi makadi awo a kukiliniki, mapeyisilipu anu ndi ake ngati ali poonekera m'nyumba, masitetimenti a kubanki, lizi ya nyumba, mapepala a galimoto, mapepala a inshuwalansi ya maliro, dzina la kampani ya penshoni ndi nambala yake. Zithunzizo musazisiye mufoni mokha poti foni ndi chinthu choyamba kuphwanyidwa pa ndewu, zitumizeni ku imelo yatsopano imene iye saidziwa, kapena kwa m'bale m'modzi amene pakamwa pake mpotseka. M'modzi, osati atatu. Jambulaninso katundu wa m'nyumba chipinda ndi chipinda, TV, sofa, mashini osokera, zida za ntchito, chifukwa katundu amamera miyendo nkhani ikangoyamba.

Kenako tsegulani akaunti yanuyanu ndipo malipiro anu azilowa kumeneko, sinthani PIN ya khadi ndi ya app, ndipo ngati nambala ya foni yomwe imalandira ma OTP inalembetsedwa m'dzina lake isintheni lero. Tenganinso credit report yanu, lipoti la ngongole zomwe zili m'dzina lanu, lamulo limalola kuitenga ulere kamodzi pachaka ku TransUnion kapena Experian, pamenepo ndi pomwe ena amadzidzimuka kuona akaunti ya mipando imene sanaitsegule.

Chomwe musachite ndi kuthyola pasiwedi ya foni yake kapena kuikamo tima app tomvetsera, zimenezo zikhoza kukutembenukirani. Komanso kumwaza zithunzi zake zamaliseche pofuna kumuchititsa manyazi ndi mlandu wa kupolisi pansi pa Cybercrimes Act, olo atakulakwirani chotani.

Zaka zonsezi ndalama zanga zimapita kumudzi kukamanga nyumba. Poloti ili m'dzina la apongozi. Ndaluza?

Ili ndiye funso lomwe limandipweteka kwambiri chifukwa pafupifupi aliyense wa ife ali nalo. Timagwira m'makitchini a azungu ku Sandton, m'magaladeni, m'mashopu a ku Fordsburg, kugona anthu anayi mu kachipinda kamodzi, mwezi ukatha ndalama pa Mukuru kapena Hello Paisa, njerwa, simenti, malata, ndipo amene amalandira kumudzi ndi alamu kapena apongozi poti "ndi amene ali pafupi ndi omanga". Poloti pogula analemba dzina la amene analipo tsikulo. Banja likatha akuuzani kuti nyumbayi ndi ya mayi athu, inu munaikapo chani.

Choyamba dziwani kuti jaji wa ku Johannesburg sangatumize sherifi ku Mangochi kapena ku Mzimba kukagulitsa nyumba. Angathe kuiwerengera pogawa zinthu kapena kulemba zomwe mwagwirizana, koma kuti zichitike pamalopo nthawi zambiri pamafunika khoti la ku Malawi. Chachiwiri, kumudzi malo ambiri ndi a mafumu ndi a mbumba, sagulitsidwa ngati nyumba ya ku Area 25. Bambo amene anamanga kuchikamwini wamanga pa dothi la kwawo kwa mkazi, sangazule nyumba, ndipo makhoti a kwathu akhala akulamula amuna a ukwati wachikamwini kumangira mkazi nyumba kwawo banja likatha ngati anali asanamange. Mayi amene anapita kuchitengwa kapena wa ku mpoto kolowola ndi amene amapezeka kuti thukuta lake lili pa malo a eni.

Chomwe chimakupulumutsani ndi umboni woti ndalama inachoka m'thumba mwanu. Ma SMS a Mukuru musafufute, pemphani sitetimenti ya zonse zomwe munatumiza pa nambala yanu, sungani mavoisi a omanga akuti "alamu simenti yatha", zithunzi za nyumba ili pa fawundeshoni, pa windo, pa denga, malisiti a ma transporter omwe ananyamula matailosi ndi mageti kuchoka kuno. Ngati pogula malo panali kalata ya amfumu, pezani kope lake muone mayina alipo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, zoti "akudziwa okha mumtima mwawo kuti ndinamanga ndine" sizigwira kukhoti. Ndipo amene banja lanu lidakali bwino mukuwerenga izi, poloti yotsatira lembetsani mayina awiri, si kusakhulupirirana ayi.

Wayamba kugulitsa katundu ndi kusamutsa ndalama. Nanenso ndibise zanga kwa mchemwali wanga?

Musabise. Masitetimenti amaitanitsidwa kukhoti ndipo R20,000 imene yachoka sabata imodzi mlandu usanayambe imaoneka ngati dzungu m'munda mopsa, jaji akakugwirani bodza kamodzi zonse zomwe munganene pambuyo pake amazikayikira. Kuteteza malipiro anu mu akaunti yanu ndi kwina, kubisa ndi kwina.

Za iyeyo, ngati muli in community sangagulitse nyumba kapena kuikitsa chikole popanda inu kusaina, ndipo mipando ya m'nyumba sangangoigulitsa inu osavomera. Akachita mwamakani khoti limatha kumudula pa gawo lake pogawana, komanso loya angapemphe khoti kuti limuletse msanga. Lembani tsiku, chinthu chomwe chachoka, ndi amene wagula ngati mukumudziwa.

Kwabwera munthu ndi mapepala akuti ndi sherifi. Ndangowaika pansi pa matiresi, ndisaine chani ine sindikufuna banja lithe?

Atulutseni pansi pa matiresipo. Kukana kulandira kapena kukhala chete sikuimitsa mlandu, kuno munthu m'modzi akaonetsa kuti banja lafika posakonzeka khoti limathetsa olo winayo asakufuna. Ngati nonse muli dera limodzi mumakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito khoti oti mupereke notice of intention to defend, pepala lodziwitsa khoti kuti mudzadziteteza pa mlanduwo. Mukapanda kutero mlandu umapita popanda inu ndipo zomwe mnzanuyo analemba mu samoni, za ana, za katundu, za penshoni yanu, zikhoza kudutsa momwemo.

Chimodzimodzi ndi settlement agreement, pepala la zomwe mwagwirizana pa za ana ndi katundu. Kugwirizana ndi kwabwino, kumatha msanga ndipo nkotchipa, mlandu wokanganirana umatha zaka. Koma musasaine pa bonati ya galimoto chifukwa wakuuzani kuti "ndi fomu chabe". Loya wake ndi wake, si wa nonse. Pepalalo likangosanduka lamulo la khoti kulibweza ndi ntchito yaikulu.

Anathawa, kaya ali ku Cape Town kaya anabwerera kumudzi. Ndingasudzule munthu amene sindikumuona?

Zimatheka. Mumapempha khoti chilolezo chomudziwitsa mwa njira ina, ngati ali konkuno koma sakudziwika komwe ali amati substituted service, ngati ali kunja kwa dziko amati edictal citation. Mudzafunika kuonetsa kuti munayesetsa kumufunafuna, ndiye mauthenga omwe munatumiza kwa abale ake ndi kwa ankhoswe asungeni.

Mlandu ukuchedwa, renti ikudikira, iye wasiya kugula olo buledi. Ndidikire mpaka chigamulo?

Ayi. Pali pempho lapadera la chisamaliro chongoyembekezera mlandu uli mkati, ku High Court ndi Rule 43, ku Regional Court ndi Rule 58. Mungapemphe ndalama ya inu ndi ana, kuti ana akhale ndi ndani pakadali pano, ngakhalenso kuti akuthandizeni kulipira loya.

Za ana zokha simufunikanso kudikira chisudzulo, pitani ku maintenance court imene ili pa magistrate's court ya dera lanu, nkwaulere ndipo loya safunika. Nyamulani mapepala obadwira ana, chiphaso chanu, sitetimenti ya kubanki, adiresi ya komwe amakhala ndi komwe amagwira ntchito, ndi malisiti. Pamalisiti pamenepa ndi pomwe anthu amagwa. Mayi wina ndinamuperekeza anangoti "ana amadya zambiri", ofisala nkumufunsa kuti zingati, iye kuyang'ana kudenga. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kope la sukulu lolemba mwezi wonse, kilechi, thiransipoti, mapampasi, magetsi, malisiti a ku Shoprite atamatidwa ndi selotepi tsamba lililonse, ndipo nkhani inayenda mosiyana kwambiri. Dziwani kuti makolo onse awiri amasonkha molingana ndi mapezedwe awo, si bambo yekha, ndipo sizithera pa zaka 18 ngati mwana akadali pasukulu ndipo sanayambe kudziimira. Akamazemba khoti limatha kulamula kuti ndalama izidulidwa kumalipiro ake isanafike m'manja mwake. Akathawira kumudzi musataye pepalalo, Malawi ili pa mndandanda wa maiko omwe amagwirizana ndi South Africa pa kukakamiza malamulo a chisamaliro, kungoti zimayenda pang'onopang'ono.

Ndikufuna ndingotumiza ana kwa agogo awo ku Malawi iye asakudziwa. Si ana anga?

Ndi anu, komanso ndi ake. Children's Act ya 2005 imafuna kuti onse amene ali ndi udindo pa mwana avomereze mwana asanatulutsidwe m'dziko muno kapena kutengeredwa pasipoti. Kuwakweza ndi transporter usiku kuti adutse pa Beitbridge mwakabisira kudzakuipitsirani mlandu wanu womwe, ndipo ndi kuika ana pa ngozi. Ngati akukaniza popanda chifukwa, khoti lingapereke chilolezo m'malo mwake.

Pa chisudzulo chokhala ndi ana ofesi ya Family Advocate imayang'ana zomwe mwakonza, ndipo ngati mukukangana amakuitanani nonse, pena amacheza ndi anawo. Salipiritsa. Kumeneko safunsa kuti kwanu ndi kwa chikamwini kapena munalowola, zoti ana ndi a kuchikazi kapena ndi a kuchimuna zimathera pakhomo, iwo amaona chomwe chili chabwino kwa mwanayo. Komanso musamamane bambo kuona ana chifukwa sanapereke ndalama, kapena kuleka kupereka chifukwa akukumanani ana, khoti limaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana.

Amagwira pa kampani ya sekyulite zaka zambiri. Penshoni yake ikundikhudza?

Ngati muli in community kapena pa accrual, eya, ndipo kwa anthu ngati ife amene tilibe nyumba kuno penshoni kapena provident fund ndiye chuma chachikulu chomwe chilipo. Simudikira kuti apume ntchito, gawo lanu limatha kuperekedwa chisudzulo chikangotha, msonkho wa gawolo nkukhala wanu. Koma chigamulo chiyenera kutchula dzina lenileni la fund ndi gawo lomwe mukulandira, akangolemba kuti "penshoni igawidwe" a fund amabweza pepalalo ndipo mumayambanso kuyenda kukhoti. Onani pa peyisilipu kapena pa benefit statement mukopere dzinalo chilembo ndi chilembo.

Chiyambireni two-pot, dongosolo logawa penshoni m'miphika iwiri, pa 1 September 2024 anthu akumatapa ndalama ku savings pot, mphika womwe umaloledwa kutapa usanapume ntchito, kamodzi pachaka, ndiye samoni ikangotuluka loya wanu alembere a fund kuwadziwitsa kuti pali mlandu wa chisudzulo. Chenjeraninso ndi munthu amene akusiya ntchito mwadzidzidzi mlandu uli mkati, nthawi zambiri akufuna atenge zonse zilowe m'thumba chigamulo chisanafike.

Pemiti yanga ndi ya ukwati, mkazi wanga ndi wa konkuno. Tikasiyana ndithamangitsidwa?

Viza ya ukwati imaimira pa ukwatiwo, ukatha nayonso maziko ake atha, ndiye musadikire tsiku lomwe linalembedwa pa sitika. Amene munapeza permanent residence kudzera mu ukwati, lamulo limati imatha kugwa ngati banja latha pasanathe zaka 2 chiiperekereni. Koma ngati muli ndi mwana amene ndi nzika ya kuno ndipo mukumusamala, Constitutional Court pa mlandu wa Rayment mu December 2023 inagamula kuti kholo lotere lisakakamizidwe kusiya ntchito ndi kutuluka m'dziko chifukwa choti banja latha, lipatsidwe mpata wopempha viza ina lili konkuno. Apa umboni woti mumasamaladi mwana, malisiti a fizi ndi ndalama zomwe mumatumiza, ndi umene umakuimirirani. Funsani za pemiti nthawi imodzi ndi za chisudzulo, osati pambuyo.

Amandimenya ndipo amati ndikangopita kupolisi andiulula kuti mapepala anga anatha.

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ndipo ndi chingwe chomwe amamangira anthu. Domestic Violence Act imateteza aliyense amene ali m'dziko muno, protection order, kalata ya khoti yomuletsa kukuchitirani nkhanza, imapemphedwa ulere ku magistrate's court ndipo yongoyembekezera imatha kutuluka tsiku lomwelo. Nkhanza si zibakera zokha, kukulandani malipiro, kukubisirani pasipoti, kukuopsezani, zonsezo zimalembedwa. Mukavulazidwa pitani kuchipatala adokotala alembe fomu ya J88. Sindikunamizani kuti nkhani ya mapepala otha ndi yaing'ono, nchifukwa chake ndimati musapite nokha, yambani mwaimba 0800 428 428, nambala yaulere ya boma ya za nkhanza, kapena pitani kaye ku law clinic akuperekezeni.

Anachita chigololo, umboni ndili nawo. Ndiye kuti atuluka wopanda kanthu?

Osati choncho. Pali chomwe amati forfeiture, kuti wina alandidwe phindu lomwe akanapeza pogawana katundu, pamenepo khoti limaona kutalika kwa ukwati, chomwe chinauthetsa ndi kukula kwa zolakwa, koma ma screenshot a chibwenzi okha sapatsa munthu nyumba yonse. Ndaona anthu akuthera ndalama zambiri kwa maloya pofuna kuti jaji anene kuti wolakwa ndi uje, mapeto ake zogawana zomwezo zitachepa.

Ndalama ya loya ndilibe. Ndipite kuti?

Legal Aid South Africa, nambala yawo yaulere ndi 0800 110 110, amayang'ana mapezedwe anu komanso mtundu wa mapepala omwe muli nawo, ndiye imbani kaye musanawononge ya taxi. Kuli Wits Law Clinic ku Braamfontein, law clinic ya University of Johannesburg, ProBono.Org, ndipo pa za mapemiti kuli Lawyers for Human Rights. Ngati palibe chokanganirana, kalaliki wa ku Regional Court amapereka mafomu nkukulongosolerani kuti muyendetse nokha, inu nkulipira sherifi yekha. Koma pakakhala penshoni, nyumba kapena ukwati wa ku Malawi, pezani loya olo wongokuwerengerani mapepala ola limodzi.

Chenjerani ndi timaofesi ta m'tauni tolemba pa galasi kuti divorce, permit, CV, photocopy zonse pamodzi. Ine ndinasiyako R3,500 kwa bambo wina wa tayi amene anandilonjeza kuti pakatha masabata awiri zatheka osapondako kukhoti, nditabwerera ndinapeza mukugulitsidwa makava a foni. Loya weniweni amapezeka m'kaundula wa Legal Practice Council, funsani dzina lake lonse mukafufuze, ndipo ndalama iliyonse mulandire lisiti.

Chigamulo chatuluka. Pali chinanso?

Tengani decree of divorce, kalata ya khoti yothetsa ukwati, yodindidwa, pangani makope angapo osainidwa kupolisi, limodzi mupite nalo ku Home Affairs ngati ukwati unalembedwa kumeneko kuti asinthe mu kompyuta, limodzi ku fund ya penshoni, limodzi litumizeni kumudzi kwa munthu wodalirika pamodzi ndi kudziwitsa ankhoswe mwaulemu wake. Ngati munalemba wilo isintheni msanga, lamulo la kuno limakupatsani miyezi 3 yokha, ikadutsa osasintha ndiye kuti amene munasiyana nayeyo adzalandirabe zomwe munamulembera. Ma inshuwalansi ndiye sasintha okha nkomwe, dzina lomwe munalemba ndi lomwe lidzalandire. Ndiye pitani ku inshuwalansi ya maliro ija, ndi ku kagulu kathu kosonkherana zonyamulira mtembo kupita kumudzi, mukaone kuti pa mzere wa wolandira ndalama palembedwa ndani, ine langa ndinakapeza patatha zaka 2 likadali dzina la apongozi anga akale.